Ndinayankha Kuti Sindinaberekepo

Lolemba, 6 Meyi

Amayi, pepani kuti ndikukuvutitsani ndi zolembazi pamene muli kale ndi zanu zambiri. Mukhululukenso kalembedwe, mukudziwa pamene ndinalekezera sukulu. Ndikanaimba foni, koma yanga ili m'chikwama cha alamu, achemwali awo a amuna anga, amene akundidikirira kuno, ndipo yanu amakonda kuyankha ndi mwana. Ndiye ndagula kope pa kantini ya chipatala. Ndizilemba alamu akatuluka, n'kulibisa m'nsalu ya pilo. Ndikapeza wolinyamula lidzakufikani.

Andigoneka m'mawa uno, wodi ya amayi, bedi 9, pafupi ndi zenera losatsekeka. Ululu woopsawu unayamba Loweruka ndili ku ntchito kwa atelala, ndikusokerera mabatani. Umagwira pansi pa nthiti kumanja, n'kukwera mpaka kuphewa. Ndasanza kanayi. Kutentha kwa thupi 38.6. Andiika diripi kudzanja lamanzere, ndipo andiletsa kudya.

Adokotala aang'ono, aakazi, ndi amene anadzaza fayilo. Anafunsa zaka, ndinati 24. Anafunsa ngati ndinakhalapo ndi pathupi. Alamu anali chilili kumutu kwa bedi, beseni lili m'manja. Ndinayankha monga munandiphunzitsira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, kuti sindinaberekepo. Analemba ziro.

Mzime wanu ali bwanji? Ndikuti wanu chifukwa ndi mmene tinazolowerera. Koma m'kope lino lokha ndiloleni ndilembe kamodzi kuti ndi mwana wanga, amene ndinabereka ndili ndi zaka 16, amene lero amanditchula achemwali. Kopeli musadzalisiye pa tebulo. Wayamba kuwerenga chilichonse.

Lachiwiri, 7 Meyi

Andijambula m'mimba. Amayi ojambula anandipaka mafuta ozizira n'kumayendetsa kachitsulo pansi pa nthiti. Apeza miyala mu ndulu, kathumba kamene kali pansi pa chiwindi. Akuti ndi yambiri, waukulu ngati nyemba, ndipo ndulu yatupa. Popukuta mafuta aja anaima pang'ono, n'kuyang'ana timizere ta pansi pa mchombo. Ananena chapansipansi kuti, "Mimba iyi inagwirapo ntchito." Ine ndinangotsitsa bulauzi. Mwayi wake alamu anatsala pa benchi panja.

Mankhwala: jakisoni wa m'diripi katatu pa tsiku, 6 koloko, 2 koloko ndi 10 koloko. Wopha ululu ndikapempha. Sindinapemphe, ndimachita manyazi kuitana anesi akamathamanga.

Pa bedi 8 pali amayi ogulitsa tchipisi pa depoti ya basi. Zaka 46, ana asanu ndi awiri, akatembenuka bedi limalira. Matenda athu ndi amodzi. Atamva anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti matendawa eni ake ndi iwo, anawagwirira ntchito zaka makumi awiri pa chiwaya, nanga ine kamwana kouma ngati chotokosera m'mano ndadumpha bwanji mzere. Wodi yonse inaseka. Inenso ndinayesa, koma kuseka kumakoka pamene pakupweteka.

Muno aliyense amaitanidwa amake uje, amake uje. Ine ndine bedi 9.

Lachitatu, 8 Meyi

Kutentha 38.1. Andilola madzi ndi tiyi wopanda mkaka.

Lero kunabwera adokotala aakulu ndi ophunzira asanu ndi mmodzi. Anaima pa bedi 8 n'kuyamba kulankhula chizungu chawo. Amayi a tchipisi anawadula, amvekere asawadye miseche ali pompo, ngati nkhani ndi ya mimba yawo nawonso aimve. Adokotala anaseka n'kufotokoza bwinobwino. Ndalemba monga ndinamvera.

Akuti ndulu imasunga madzi owawa othandiza kugaya mafuta. Madziwo akakhalitsa kapena akachuluka mafuta amaundana n'kukhala miyala. Imakonda akazi kuposa amuna. Imakonda opitirira zaka 40, onenepa kwambiri, ndi odya zamafuta tsiku ndi tsiku. Imakonda amene anabereka, makamaka kangapo, chifukwa pathupi ndulu imachita ulesi kutulutsa madzi ake. Imagwiranso a matenda a shuga, amene kumtundu kwawo iliko, ena amene amamwa mapilitsi olera, ndi amene awonda mofulumira kapena amakhala nthawi yaitali osadya. Amayi a tchipisi ankangovomera chilichonse ngati akuitanidwa maina m'kalasi.

Kenaka anafika pa ine. Anawerenga fayilo n'kuuza ophunzira kuti uyu ndi wamng'ono, ndi woonda, alibe shuga, sanaberekepo, koma miyala ali nayo. Anawonjeza kuti ena imangowagwira popanda chifukwa chooneka. Mawu omalizawa anawanena akutembenuka kale kupita pa bedi 10.

Ine ndinkayang'ana manja a alamu. Ankapinda zala chimodzichimodzi.

Lachinayi, 9 Meyi

Alamu sanandilankhule mpaka masana. Anandipukuta kumsana mwamphamvu ngati akutsuka poto. Ndiyeno apongozi atafika, anakoka katani, onse awiri n'kukhala pa bedi langa.

Alamu anabwereza zala zawo zija. Sindine wa zaka 40. Sindine wonenepa. Shuga ndilibe. Mwana ndilibe. Anasiya chala chimodzi chili choimirira pamaso panga.

"Mlamu, zaka zitatu tikukuperekeza uku ndi uku kufuna mwana. Kani iwe ukumwa mapilitsi kuseri?"

Ndinati sindinamwepo ngakhale limodzi. Ndinati adokotala ananenanso za kumtundu, ndipo inu amayi mumadandaula pansi pa nthiti mukadya nyama yonona. Alamu anati amayi ako sanang'ambidwepo, usawanamizire matenda. Apongozi sanakweze mawu. Anangoti mwana wawo ndi mmodzi yekha wamwamuna, ndipo akhala akudabwa kuti mtsikana wathanzi amakhala bwanji chete chonchi anzake akamakamba za ana.

Ndimakhala chete chifukwa ndikatsegula pakamwa ndinganene kuti mano oyamba amatuluka mwezi wachisanu ndi chimodzi, n'kundifunsa kuti ndadziwa bwanji.

Kutentha 37.9. Ululu wachepa. Diripi aisamutsira kudzanja lamanja chifukwa lamanzere latupa, ndiye zilembo zapendama.

Lachisanu, 10 Meyi

Andilola supu wopanda mafuta ndi buledi pang'ono.

Ndinalakwitsa lero. Ndinaganiza kuti ndapeza pothawira. Chaka chatha apongozi anandiyambitsa kusala kudya kuti mimba itseguke, masiku 21, kupuma mwezi, enanso 21, mpaka katatu. Ndinkadya kamodzi dzuwa litalowa, masiku ena madzi okha. Ndinatsika kuchoka pa makilo 63 kufika pa 51. Masiketi anga onse ndinawabweza ndekha pa makina a ku ntchito. Amuna anga sanasale ngakhale tsiku limodzi, akuti ntchito yowotcherera zitsulo siyifuna munthu wanjala.

Ndiye apongozi atabwera ndinawakumbutsa mwaulemu kuti adokotala anatchulanso kuwonda mofulumira ndi kukhala osadya. Ndinayamba ndi pepani. Sizinathandize. Anafunsa ngati ndikutanthauza kuti kupemphera kumabala miyala. Anafunsanso ngati tsopano mfiti ndi iwo. Anatseka chakudya chimene anabweretsa n'kubwerera nacho. Sichinali choti ndingadye, chinali nkhuku yokazinga, komabe wodi yonse inaona.

Amayi a tchipisi anadandaula kuti bola akanasiyako fungo.

Loweruka, 11 Meyi

Amuna anga abwera koyamba chindigonekereni. Anabwera ndi malalanje anayi, m'maso muli mofiira ndi moto wa ku ntchito. Anakhala pa mpando n'kumasenda lalanje limodzi kwa nthawi yaitali.

Akuti dzulo alamu anapita kunyumba kwathu kukafufuza. Anatembenuza matiresi, anakhuthula sutikesi, anakhuthulanso chitini changa cha ulusi ndi singano. M'menemo anapezamo kapepala konyezimira ka mapilitsi, kopanda kanthu, dzina litafufutika. Ndi ka mankhwala opha ululu amene ndinkamwa m'mimba mukandipotokola, miyezi yonseyi pamene ndinkaopa kunena kuti ndikudwala. Ndinkasungirapo singano zazing'ono. Tsopano kali m'chikwama cha alamu ngati umboni.

Ndinawafotokozera. Anagwedeza mutu, koma sanandiyang'ane. Anati iwo akufuna kundikhulupirira, koma adokotala anatchula zifukwa pamaso pa anthu, ndipo munthu sangadwale chopanda pochokera. Ndinati adokotala omwewo ananena kuti zimatheka. Anati achemwali awo sanamve zimenezo.

Amayi, munthu uyu sanandimenyepo. Amanditengera madzi ndikatopa. Koma pa zaka zitatu sanapiteko kukayezetsa ngakhale kamodzi, ndipo palibe amene anawauzapo kuti apite. Ine andiyeza kanayi. Inu ndi ine tikudziwa kuti mimba yanga ilibe vuto.

Lamulungu, 12 Meyi

Kutentha kwabwerera, 38.9. Ndasanza kawiri. Andiletsanso kudya. Asintha jakisoni.

Kunabwera anthu oimba nyimbo. Anapempherera bedi lililonse. Alamu anawapempha kuti pa ine apempherere mtima wobisa.

Lolemba, 13 Meyi

Kutentha 37.8. Atenga magazi, mabotolo awiri. Akuti kutupa kukatsika andichita opaleshoni Lachinayi, achotsa ndulu yonse pamodzi ndi miyala. Munthu amakhala bwinobwino popanda ndulu, bola kusamala zamafuta masiku oyamba.

Alamu atapita kukachapa, ndinaitana adokotala aang'ono aja. Kuitana kokhako kunanditengera theka la ola. Ndinawauza kuti pa fayilo pali bodza langa. Ndinawauza zaka, mwezi, ndi kuti ndinachira bwinobwino popanda kung'ambidwa. Aka ndi koyamba kunena ndi pakamwa panga kwa munthu amene si inu. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Sanadabwe. Anati amayi ojambula anawauza kale. Ndinafunsa ngati mimba ya kalekale ingabweretse miyala lero. Anati n'zotheka, miyala imatha kupangika nthawi ya pathupi n'kukhala phee zaka zambiri. Anati kusala kuja nakonso n'kokwanira pakokha. Sangaloze chimodzi n'kulumbira. Ndinawapempha kuti asakonze ziro uja, chifukwa fayilo imakhala kumiyendo kwa bedi ndipo alamu anafika fomu 4. Anati alemba pa pepala lokha la ku fiyeta, kochitira opaleshoni, limene limakhala mu ofesi, ndipo nkhani ndi yanga, sauza munthu.

Madzulo anayesa kundithandiza. Anaitana alamu n'kuwauza kuti palibe chosonyeza kuti ndimamwa mapilitsi, ndipo asamatenge phunziro la ophunzira ngati chiweruzo cha khoti. Alamu anathokoza mwaulemu, manja ali pamodzi. Adokotala atangochoka, alamu anati achipatala ndi omwe amagawa mapilitsiwo, angaulule bwanji kasitomala wawo.

Lachiwiri, 14 Meyi

Amayi a tchipisi anawachita opaleshoni dzulo masana, ndipo lero ayamba kale kulamula. Ana awo anabwera onse asanu ndi awiri, anesi mpaka kuwathamangitsa. Wina akuwapesa, wina akuwasisita mapazi, wamkulu akuwakalipira kuti chiwaya asachiyandikirenso. Iwo amvekere ndulu yapita, tsopano aopanso chiyani. Ndinatembenukira ku zenera.

Anthu atachoka anandiitana ndi chala. Anati katani si khoma, zonse za dzulo anazimva asanapite ku fiyeta. Anati ndisaope, pa depoti amamva zoposa pamenepa ndipo tchipisi sizipserera. Kenaka anafunsa kuti mwanayo ndi wamkazi kapena wamwamuna, ali kalasi yanji, amafanana ndi ndani.

Amayi, palibe anandifunsapo zimenezi. Ndinawauza kuti ali sitandade 3, ali ndi mpata pakati pa mano ngati ine, ndipo amadana ndi kumangidwa tsitsi. Ndinalankhula mpaka alamu anatulukira pakhomo. Sindinadziwe kuti ndinali ndi mawu ochuluka chonchi.

Lachitatu, 15 Meyi

Kutentha 37.0. Magazi ali bwino. Opaleshoni mawa m'mawa, ndine wachiwiri pa mndandanda. Osadya kapena kumwa kuyambira ndikamaliza chakudya chamadzulo. Anditchulira zoopsa zonse: kutaya magazi, bala kuchita mafinya, mankhwala ogonetsa. Ndasaina dzina langa pang'onopang'ono kuti lioneke bwino.

Ndakhala ndikukumbukira tsiku limene munandikhazika pa mpando wa ku khitchini n'kundiuza mmene zikhalire. Mnyamata uja anali atathawa, bambo anali atamwalira chaka chomwecho. Munati tisamukira kumene satidziwa, mwana akhala wanu, ine ndipeza banja ngati mtsikana wina aliyense. Munandigwiritsa Baibulo n'kundilumbiritsa. Ndikudziwa munachitira ine. Munanyamula mwana pamsana muli ndi zaka 43, anthu akukusekani kuti simukula. Sindinaiwale.

Koma simunandifunse. Ndinamuyamwitsa miyezi inayi chitseko chili chotseka, kenaka munati basi. Mawere anatupa sabata yathunthu ndipo munandimanga ndi nsalu. Ndikapanda kudzuka mawa, iye adzalira maliro a achemwali ake, n'kubwerera kukasewera.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndadzuka. Pakhosi pakuwawa. Sindingathe zambiri.

Lachisanu, 17 Meyi

Bala lili pansi pa nthiti, lalitali ngati chikhatho changa. Ndawerenga ulusi, mfundo zisanu ndi zinayi. Osokawo dzanja lawo ndi labwino, mizere ndi yofanana. Andiyendetsa mpaka pakhomo la wodi ndi kubwerera. Ndamwa tiyi, sindinasanze. Jakisoni wopha ululu kawiri. Lero ndinapempha ndekha.

Anesi anandibweretsera miyala m'kabotolo. Ilipo 14, yachikasu, ina ya makona ngati yosemedwa. Ndisanaione bwino alamu anatenga kabotolo, kuti akaonetse amalume awo a amuna anga. Kali m'chikwama chimodzi ndi kapepala konyezimira kaja ndi foni yanga. Miyala yotuluka m'thupi langa, koma sindinaikhudze n'komwe.

Loweruka, 18 Meyi

Kutentha 36.8. Bala ndi louma. Akuti anditulutsa Lolemba, ulusi adzachotsa pakatha masiku khumi. Osanyamula zolemera milungu isanu ndi umodzi.

Amuna anga anabwera okha m'mawa. Akuti Loweruka likudzali akuluakulu a kwawo akhala pansi kunyumba kwa apongozi, ndipo ine ndikayankhe. Amalume awo anena kale kuti mkazi wotseka mimba mwadala abwerere kwa amake. Ndinafunsa kuti nanga iwowo akuti bwanji. Anandigwira chala cha dzanja limene lilibe diripi.

"Ndipatse chifukwa chimodzi chokha choti ndikaime nacho pamaso pawo. Chilichonse, bola chikhale choona."

Chinali pakamwa penipeni. Ndinaluma mlomo chifukwa cha Baibulo lija. Anadikira, n'kudikira, kenaka anatenga chipewa chawo. Pamene ankatuluka ndinaona kuti kukhala chete kwanga akutenga ngati kuvomera.

Ndaganiza zonse mofatsa, monga mumandidziwira. Ndikanena, mwina andithamangitsabe, chifukwa ndinawabisira zaka zitatu. Alamu adzapeza nyimbo yatsopano. Apongozi adzayenera kuyang'ana mwana wawo n'kufunsa funso limene akhala akulizemba, ndipo sadzandikhululukira chifukwa cha zimenezo. Inu anthu a kumpingo kwanu adzakunenani. Mwana adzasokonezeka, mwina adzadana nane. Palibe chimene ndikuchiona chophweka.

Koma ndikakhala chete, ndibwera kwanu ndi sutikesi ngati mkazi amene anakana kubereka. Ine, amene ndinabereka ndili mwana, n'kulandidwa ngakhale dzina loti amake uje. Ndidzagona chipinda chimodzi ndi mwana wangayo, azidzandifunsa kuti achemwali, n'chifukwa chiyani simufuna ana. Zimenezo sindingazithe. Ngati ndichoke pa banja, ndichokere chimene ndinachita, osati chimene sindinachite.

Amayi a tchipisi akutuluka masana ano. Mwana wawo wamkulu, wamkazi, amagulitsa matikiti pa basi imene imadutsa pa msika wanu, ndipo walonjeza kukupatsani kopeli m'manja mawa. Ndalikulunga m'pepala n'kulisoka m'mbali, mukaona ulusi woduka mudziwe kuti wina watsegula.

Sindinakupempheni kanthu chikwatiwireni. Lumbiro lija ndinalumbira kwa inu, ndipo ndi inu nokha mungandimasule. Musanditumizire zipatso kapena nsalu m'malo mwa yankho. Musandiuzenso kuti tipemphere kaye, ndasala kale zokwanira. Lembani mawu amodzi pa tsamba lotsatirali, kuti nena kapena usanene, mupatse mtsikana wa matikiti yemweyo, adzandipeza kwa atelala. Mukati usanene, ndidzamvera, koma mudzabwere Loweruka mudzakhale pambali panga, mudzamve nokha zimene azidzanditchula.

Chonde, amayi, yankhani msanga, lisanafike Lachisanu. Ndipo ngati yankho ndi nena, mundiuzenso kuti mwanayo timuuza ndani, inu kapena ine.